Kampani ya fodya itagogoda pa thumba lathu la maphunziro: lipoti la nkhani ya ku Chigwa cha Shire

Lipoti ili ndi la nkhani yomwe inagwera komiti ya thumba lathu la maphunziro m'chaka cha 2024. Thumbali ndi la anthu a ku Chikwawa ndi ku Nsanje, ena okhala konkuno, ena ogwira ntchito ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Timasonkha kangachepe kuti tiziphimba zomwe ngongole ya boma imasiya poyera mwana wa kuno akasankhidwa kupita ku yunivesite: fizi yotsalira, lendi, thiransipoti, nthawi zina laputopu yogwiritsidwapo kale ntchito. Ine ndine mlembi wake, ndipo foni yomwe ana amaimba zinthu zikathina ndi yanga. Ndalembera anzathu oyendetsa matumba ngati lathu, komanso aphunzitsi omwe amalangiza ana za ntchito. Mayina a kampani, a sukulu ndi a anthu ndawasiya dala.

Mmene inafikira

Mmodzi mwa ana athu ndi mnyamata wa ku Makhanga, yemwe nthawi imeneyo anali m'chaka chomaliza cha digiri ya za ulimi. Bambo ake anamwalira iye ali ku sekondale. Mayi ake ankalima kudimba mpaka namondwe Freddy, mu Malichi 2023, anakwirira dimbalo ndi mchenga, ndipo kuchokera pamenepo amagulitsa nsomba zouma pa Bangula. Ali ndi alongo awiri, wamkulu mwa iwo anali Fomu 4 ndipo tinali titamuika kale pa mndandanda wa oyembekezera thandizo.

Ku sukulu kwawo kunakonzedwa tsiku loti makampani akumane ndi ophunzira omaliza. Matebulo analipo ambiri ndithu, a mabanki, a makampani a foni, a ogulitsa mbewu ndi feteleza, a mabungwe omwe si aboma. Ambiri ankangolandira ma CV n'kunena kuti tidzakuimbirani. Tebulo la kampani ina yogula fodya linali ndi tsiku la mayeso komanso tsiku loyambira ntchito, ndipo woyankha mafunso anali mtsikana yemwe anamaliza pa sukulu yomweyo zaka zochepa zapitazo, makiyi a galimoto ya kampani akulendewera pachala. Mnyamata wathu analemba mayesowo, anapita ku intavyu, kalata inatuluka: ulangizi wa alimi a kontirakiti, njinga yamoto, sikimu ya chipatala, ndi malipiro omwe mayi ake sangawapeze ngakhale nsomba zitayenda bwanji.

Sanandiimbire kuti asangalale nane. Funso lake linali ili: "Amalume, ndikavomera ntchitoyi, mlongo wanga mumuchotsa pa mndandanda?" Mantha akewo sanali opanda pogwira. Ena mwa omwe anayambitsa thumbali ndi ogwira ntchito za chipatala, ndipo pa msonkhano wathu wa chaka ndi chaka sipalephera wina woima kulankhula zoipa za fodya ndi kachasu.

Pasanathe nthawi kunabwera kalata yachiwiri, iyi yolembera ife. Mnyamatayu anatchula thumba lathu ku intavyu, ndiye a ofesi yoona za ubale ndi anthu a kampaniyo anatifufuza. Ankati alipire msonkhano wathu wa Disembala ku Nchalo, holo, chakudya ndi mayendedwe, ndiponso atenge ana angapo aziwalipirira fizi mpaka kumaliza. Iwo ankapempha zitatu: chikwangwani chawo chipachikidwe mu holo, apatsidwe nthawi yolankhula ndi ophunzira, komanso tiwatumizire mayina ndi manambala a foni a ana athu ophunzira za ulimi, za uinjiniya ndi za kawerengedwe ka ndalama.

M'envulopumo munali kabuku kosindikizidwa bwino pa pepala lonyezimira. Ndinakawerenga konse. Munali nazale za mitengo, mijigo, midadada ya makalasi, mayi atanyamula lichero la mtedza, ana ovala yunifolomu ndi mawu oti malo a mwana ndi ku sukulu osati kumunda. Tsamba la fodya linaonekamo lili lobiriwira, dzuwa likuwala kuseri kwake. Ndudu simunaoneke, ngakhale mawu oti kusuta simunalembedwe paliponse.

Chifukwa chake amafuna ana a ku yunivesite

Kuno kuchigwa fodya si mbewu yathu. Ife ndi a thonje, chitowe, mapira, mchewere, nzimbe ndi ng'ombe, moti ambiri a m'komiti sanapondepo ku okushoni ya ku Limbe, osanena za Kanengo kapena Chinkhoma. N'chifukwa chake ndisanaitanitse zokambirana ndinayamba ndawakonzera mbiri yachidule, kuti tisatsutsane pa zomva m'minibasi.

Kuyambira 2012 fodya wambiri wa m'dziko muno amalimidwa pa kontirakiti. Kampani imapereka mbewu, feteleza ndi mankhwala pa ngongole, n'kudzadula pa malonda. Ulimi woterewu umafuna anthu ambiri ophunzira oti aziyenda m'midzi: kulemba alimi, kuyeza munda, kuona nazale, kuwerenga mitengo yomwe yabzalidwa, kuyang'anira kusoka ndi kuyanika m'zigafa, kuona kuti m'belo musalowe pulasitiki kapena nthenga. Mu Novembala 2019 dziko la America linalamula kuti fodya wa ku Malawi azigwidwa pa madoko ake chifukwa cha malipoti a ntchito yokakamiza ndi kugwiritsa ana ntchito. M'chaka cha 2020 chiletsocho chinachotsedwa pa makampani a Alliance One ndi Limbe Leaf ataonetsa njira zomwe amalondolozera alimi awo. Kalondolondo wotereyu amachitidwa ndi alangizi omwewo, ndiye kufunika kwawo kunakula. Mbali iyi ndi yoona ndipo sindinaibise: ntchito zomwe amalengezazo zilipodi.

Koma pali mbali ina. Wophunzira wa lero wa ku Bunda, ku MUST kapena ku MUBAS ndiye adzakhale mkulu ku unduna wa za ulimi, wa za chuma kapena wa za malonda zaka khumi ndi zisanu zikubwerazi. Kampani yomwe inamulipirira fizi kapena kumupatsa ntchito yake yoyamba siidzavutika kupeza khutu lomvera pamene nkhani ya msonkho wa ndudu kapena lamulo loletsa kutsatsa malonda ili pa tebulo. Pangano la bungwe la WHO lochepetsa kusuta fodya, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2005 ndipo Malawi analowamo mu 2023, lili ndi ndime 5.3 yolamula maboma kuteteza mfundo za umoyo ku zofuna za makampani a fodya. Malangizo a ndimeyi, omwe anavomerezedwa mu 2008, amanena poyera kuti zofuna za makampaniwa ndi zofuna za umoyo wa anthu sizingayanjanitsidwe, ndipo amachenjeza za ntchito zachifundo zomwe makampaniwa amachita pofuna kukometsa dzina. Panganoli limamanga boma, silimanga kathumba ka anthu wamba ngati ife. Komabe likufotokoza ndendende mtundu wa kalata yomwe tinalandira.

Mkangano umenewu si wa kuno kokha. Yunivesite ya Nottingham ku Britain inalandira mapaundi 3.8 miliyoni kuchokera ku British American Tobacco m'chaka cha 2000, ndalama zoti ikhazikitsire malo ophunzitsira udindo wa makampani pa anthu, ndipo Richard Smith, yemwe anali mkonzi wa magazini ya madokotala ya BMJ, anatula pansi uprofesa wake pa sukuluyo chaka chotsatira posagwirizana nazo.

Zomwe zinanenedwa m'komiti

Tinakumana ku Ngabu, m'kalasi ya pulayimale, kunja kukutentha kwa Okutobala komwe aliyense wa kuno akukudziwa. Woyamba kulankhula anali bambo wina wopuma pa ntchito ya udokotala, yemwe wagwira m'zipatala za m'chigwa muno pafupifupi moyo wake wonse. Sanazungulire. Anati fodya amapha pafupifupi theka la anthu omwe amasuta osasiya, ndipo pa dziko lonse imfa zake zimapitirira 7 miliyoni pa chaka. Anakumbutsa za odwala omwe amafika akukhosomola magazi, n'kuyamba kumwa mankhwala a TB, pambuyo pake n'kupezeka kuti ndi khansa, ndipo ulendo wa ku Queens umakhala wongokatsimikiza. Kwa iye zonse ziwiri zinali zokana: kalata ya kampani ibwezedwe, ndipo mnyamatayo auzidwe kuti thumba silinamuphunzitsire zimenezo.

Anayankhidwa ndi mnzathu wochita bizinesi ku Blantyre, yemwe ndi mmodzi mwa osonkha kwambiri. "Adokotala, mankhwala omwe munkalembera odwalawo amagulidwa ndi madola ochokera kuti?" Anati fodya amabweretsa pafupifupi theka la ndalama zakunja zomwe dziko lino limapeza pa malonda, kuti m'chaka chomwecho cha 2024 msika unalowetsa madola pafupifupi 396 miliyoni, ndipo aliyense amene wagonapo pa mzere wa mafuta asamachite ngati sakudziwa kufunika kwake. Boma lomwe linasaina panganolo ndi lomwenso limatsegulira msika chaka chilichonse ndi magule. Anati ngalande yaikulu yothirira yochokera ku Kapichira tonse tikuiyembekezera, koma mwana wa ku Makhanga sangadye chiyembekezo. Anamaliza ndi mwambi woti fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo, anthu n'kuseka chifukwa unagwa pamalo pake.

Mayi wina, mphunzitsi wamkulu, anafunsa funso lomwe linatitengera nthawi yaitali kuposa ena onse. "Nanga shuga?" Ana athu ambiri amalota ntchito ya ku Nchalo, ndipo kampani ya shuga itati itilembere kalata yomweyi tikhoza kuvina. Kodi shuga sadwalitsa? Nanga mabanki omwe amalanda nyumba za anthu? Tikayamba kusankha ndalama zoyera, anatero, titsala ndi chopereka cha kutchalitchi, ndipo nachonso sitifunsa kuti wopereka wazipeza bwanji.

Funsoli ndi lolemera, ndipo sindikuganiza kuti tinaliyankha lonse. Yankho lomwe ine ndinapereka n'lakuti shuga amavulaza akachuluka, pomwe ndudu ilibe mlingo woti munthu asute popanda vuto, ndipo malonda ake amayenda chifukwa chikonga chimagwira munthu osamutaya, kawirikawiri kuyambira ali wachichepere. Palibe malonda ena ovomerezeka omwe mayiko oposa 180 anachita kusainirana pangano loti eni ake asayandikire pomwe pakupangidwa malamulo. Kusiyana kulipo, ngakhale kuti sikupangitsa enawo kukhala angelo.

Amene anasintha mphepo ya zokambirana anali agogo ena omwe nthawi zambiri amangokhala phee. Ali mwana, bambo awo anatengedwa ndi lole kukakhala tenanti pa esiteti ina ku Kasungu, banja lonse limodzi. Anafotokoza za kuthyola fodya m'mamawa mame asanaume, masamba atapanidwa m'khwapa, malaya atanyowa ndi msuzi wake womata. Pofika masana mutu waukulu, chizungulire, kusanza, ndipo akuluakulu ankati ndi malungo kapena ulesi. Chimanga ndi mchere zomwe ankalandira pa mwezi zinkalembedwa m'buku, ndipo pa kutha kwa chaka bukulo linkadya pafupifupi zonse. Adokotala aja anathirirapo kuti kudwala kumeneko ndi chikonga cholowa pa khungu, ndipo kafukufuku wa bungwe la Plan International wa 2009 anapeza kuti mwana wogwira m'munda wa fodya akhoza kumwa ndi khungu mamiligalamu 54 a chikonga pa tsiku, ofanana ndi ndudu pafupifupi 50. Utenanti unathetsedwa pa lamulo mu 2021, ndipo mlandu womwe alimi ndi ana masauzande a ku Malawi anasumira British American Tobacco ndi Imperial Brands ku London mu 2020 unaloledwa ndi khothi kuti upitirire, ngakhale makampaniwo akukana kulakwa.

Tonse tinkaganiza kuti agogowo aima ndi adokotala. Iwo anati: "Mwanayo musamuletse. Pa esiteti paja pakanabwera mlangizi wochokera m'nyumba ya umphawi ngati iyeyu, mwina akanationa. Koma chikwangwani chawocho ine sindikhala pansi pake."

Maganizo anga ngati mlembi

Apa ndi pomwe ndinaona kuti takhala tikuphatikiza nkhani ziwiri. Mnyamata wofuna ntchito akusankha pakati pa kalata yomwe ili m'manja ndi kubwerera ku Bangula kukadikira. Anzake ambiri omwe anamaliza m'mbuyomu akuphunzitsa pa masukulu apulaiveti ndi malipiro osakwana thumba la feteleza, ena akuyendetsa kabaza wa njinga yamoto, digiri ili m'chikwama. Kumusenzetsa iye mlandu wa malonda a fodya a dziko lonse, ife eni tikulandira malipiro ochokera ku misonkho yomweyo, n'kumulakwira. Akalakwa, adzalakwa ndi zomwe adzachite pa ntchitopo, monga kutseka maso akaona mwana akusoka fodya nthawi ya sukulu kapena kunamiza mlimi pa za ngongole.

Bungwe ndi nkhani ina. Kampani ikapempha chikwangwani ndi maikolofoni, sikugula holo kapena mpunga wa nkhomaliro. Ikugula chikhulupiriro chomwe makolo a ku Chikwawa ndi Nsanje ali nacho pa ife, kuti mwana wa Fomu 4 wokhala kumbuyo kwa holo aone kuti amalume omwe amalipirira achimwene ake aima limodzi ndi kampaniyi, ndiye kuti palibe chofunsa. Ndipo mayina ndi manambala a ana si katundu wathu woti tisinthanitse. Anatipatsa kuti tiwathandize pa fizi.

Chimodzimodzinso yunivesite. Sindikunena kuti itseke geti, chifukwa wophunzira za ulimi ndi munthu wamkulu ndipo kampani ingathe kumupeza pa Facebook kapena m'nyuzipepala. Koma sukulu ikapereka tebulo pa tsiku lake, imakhala yaikapo chidindo. Ikalola kabuku ka mijigo ndi mtedza kagawidwe popanda wina wonena za chikonga, za matenanti, kapena za pangano lomwe boma linasaina, ndiye kuti yasankha mbali uku ikudzitcha yosakondera. Zimandiwawa kwambiri ndikaganiza kuti masukulu ena omwewo amaphunzitsa anamwino ndi madokotala. Komanso sukulu yomwe ingathamangitse kampani ya fodya koma osavutika kuitana ogula thonje, a nzimbe, a mpunga, a ulimi wothirira kapena a ziweto, ingokhala yadzisambitsa m'manja ana n'kutsala pa dzuwa.

Chigamulo

Komiti inagwirizana, ngakhale osati ndi mtima umodzi. Thandizo la kampani tinalikana, ndipo kalata yathu inali yaulemu: tinathokoza, tinafotokoza kuti sitilandira ndalama, katundu kapena zikwangwani kuchokera ku makampani olima, kugula kapena kupanga fodya, ndipo sitipereka mayina a ophunzira kwa wina aliyense popanda chilolezo cha mwini dzina. Tinawonjezera kuti ngati ali ndi mwayi wa ntchito aulengeze poyera monga amachitira ena onse. Pa za mnyamata, tinalemba m'malamulo athu kuti ntchito yovomerezeka yomwe wophunzira wasankha siikhudza thandizo la iye kapena la m'bale wake. Mlongo wake anakhalabe pa mndandanda.

Ndinapatsidwa ntchito yokacheza naye pamodzi ndi mayi ake. Tinakhala kuseri kwa benchi ya nsomba, ndipo ndinamuuza zonse zomwe zinanenedwa, za adokotala ndi za agogo omwe. Ndinamupempha awerenge kontirakiti yake mofatsa pa zinthu zingapo: ngati pali zaka zomwe akumangidwa kuti asachoke, ngati malipiro ake akudalira kuchuluka kwa makilogalamu omwe alimi ake apereke kapena ngongole zomwe abweze, komanso kuti akapeza mwana m'munda lipoti lake limapita kwa ndani, ndipo chimamuchitikira mlimiyo n'chiyani. Mfundo yachiwiriyo ndi yomwe ndinakhalitsapo. Mlangizi yemwe bonasi yake ili pa makilogalamu amakhala ndi chifukwa chosaonera zomwe akuona. Mayi ake anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anati: "Achimwene, ine sukulu sindinapite. Koma mwana wanga akakawaone ana a eni ake ngati alongo akewa."

Tinalemberanso mkulu woona za ophunzira pa sukulu yake. Tinapempha kuti pa tsiku la makampani pazikhala wina wa za umoyo wolankhula momasuka, kuti mayina a ophunzira asamaperekedwe popanda chilolezo chawo, ndiponso kuti thandizo lililonse lochokera ku makampani a fodya lizilengezedwa poyera. Anatiyankha kuti kalata yafika ndipo aikambirana.

Zomwe zatsatira

Kukanako kunali ndi mtengo wake. Msonkhano wa Disembala tinauchitira m'tchalitchi m'malo mwa holo, aliyense anadzilipirira thiransipoti, ndipo ana ochokera kutali monga ku Marka ndi ku Chapananga ena sanafike. Ana omwe kampani ikanawatenga tinawagawira zochepa zomwe tinali nazo, ndipo mmodzi anachedwa kulembetsa semesita mpaka abusa ena anachita kuyenda ndi mbale. Mnzathu wa bizinesi uja anachepetsa chopereka chake kwa kanthawi, akuti tizidya mfundo zathuzo, koma sanachoke.

Mnyamatayo anavomera ntchito ndipo ali m'boma lina la m'chigawo chapakati. Akuti gawo lalikulu la tsiku limathera pa njinga ndi pa foni ya kampani, kujambula minda ndi kudzaza mafomu. Anandiuza kuti anapezapo ana akuthandiza kusoka fodya pa khomo la mlimi wina Loweruka, analemba lipoti, ndipo mlimiyo anachenjezedwa. Koma anaonanso kuti bamboyo analibe ndalama yolembera waganyu, ndipo pa fomu panalibe malo olembapo zimenezo. Akulemberabe makalata ku mapulojekiti a ulimi wothirira a konkuno, chifukwa akuti akufuna kudzalima kwawo.

Kuyambira pomwe analandira malipiro ake oyamba wakhala akutumiza chopereka ku thumba monga amachitira onse omwe tinawaphunzitsa. Adokotala afunsa kuti ndalamayo tiziitcha ya ndani, popeza ikuchokera ku kampani yomwe tinaikanira. Msungichuma akuti ndi thukuta la mwana wathu ndipo alibe poibwezera. Nkhaniyi ili pa mndandanda wa zokambirana za komiti ikubwerayi, pamodzi ndi pempho la mayi mphunzitsi uja loti lamulo lomwelo tilione ngati likhudzenso makampani a mowa ndi a juga.